Mfumukazi Victoria: Mkazi pa Mpando wa Amuna

Amene adayendako ku Blantyre amaudziwa msewu waukulu wa Victoria Avenue, ndipo amene adafika ku Mangochi adaiona nsanja yanjerwa ya wotchi imene idamangidwa mu 1903 pafupi ndi mtsinje wa Shire. Zonse ziwirizi ndi zikumbutso za mkazi amene sadapondepo dothi la dziko lino, ngakhale la dziko lina lililonse la mu Africa, koma amene m'dzina lake dziko la Malawi lidalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Ana a sukulu amaloweza dzina lake ndi zaka za ufumu wake, 1837 mpaka 1901, nalemba mayeso, naiwala. Komatu pa moyo wa mayiyu pali chinthu chofunika kuchilingalira mofatsa. Iye adakhala pa mpando wa ufumu waukulu kuposa wina uliwonse pa nthawi imene mkazi wokwatiwa wa m'dziko lake sankaloledwa ndi lamulo kukhala mwini ngakhale wa ndalama zimene wakhetsera yekha thukuta. Ndipo amayi ena atayamba kumenyera ufulu wawo, Victoria adali mmodzi wa odana nawo kwambiri.

Ufumu udamupeza chifukwa cha maliro. Mfumu George III idali ndi ana 15, koma mdzukulu wobadwa mu ukwati wovomerezeka adali mmodzi yekha, Charlotte, ndipo ameneyu adamwalira pobereka mu 1817 pamodzi ndi khanda lake. Banja lachifumu lidaona kuti mbewu ikutha. Tsono ana aamuna a mfumuyo, ena imvi zili mbuu, adayamba kuthamangira kukwatira. Edward, mwana wamwamuna wachinayi, adakwatira mkazi wamasiye wa ku Germany mu 1818, ndipo pa 24 Meyi 1819, m'nyumba yachifumu ya Kensington mu London, mudabadwa mwana wamkazi amene adamutcha Alexandrina Victoria. Mwanayo asadakwane chaka, mu Januwale 1820, bambo ake adamwalira, nasiya ngongole zambiri.

Ubwana wake sudali wosiririka monga momwe ena angaganizire za mwana wa kubanja lachifumu. Mayi ake adagwa m'manja mwa John Conroy, woyang'anira chuma cha pa nyumbapo, munthu wochenjera ndi wolakalaka ulamuliro. Awiriwa adawerengera kuti mfumu yolamula ikafa mwanayo asadakwane zaka 18, mayiwo ndiwo adzagwirizire mpando, ndipo Conroy adzalamula dziko ali kuseri kwa chitseko. Pofuna kuti mwanayo asadzakhale ndi maganizo akeake, adamuikira malamulo okhwima. Sankaloledwa kukhala yekha ngakhale kanthawi kochepa, sankasewera ndi ana ena kupatula amene Conroy wawavomereza, ankagona m'chipinda cha mayi ake kufikira atakula, ndipo potsika makwerero ankayenera kugwiridwa dzanja. Omutonthoza adali mlezi wake wa ku Germany, Louise Lehzen, ndi buku limene adayamba kulembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ali ndi zaka 13, ntchito imene sadaisiye mpaka kutatsala masiku owerengeka kuti amwalire. Mu 1835 adadwala mwakayakaya ku Ramsgate. Ali chigonere, Conroy adamukakamiza kuti asaine kalata yolonjeza kuti akadzalowa ufumu adzamusankha iye kukhala mlembi wake. Mtsikana wa zaka 16, wofooka ndi matenda, adakana kwamtuwagalu. Mtima wake wonse wa m'tsogolo ukuoneka kale pamenepa.

Bambo ake aakulu, Mfumu William IV, sankamwerana madzi ndi mayi a Victoria, kotero kuti adanena poyera kuti akupempha Mulungu awasunge mpaka mwanayo atakwana zaka 18. Pemphero lawo lidamveka, pakuti adamwalira pa 20 Juni 1837, pasadathe mwezi chikwanire Victoria zakazo. M'mamawa wa tsikulo Akibishopu wa ku Canterbury adafika ku Kensington ndi nduna ina kudzatula uthenga. Victoria adakumana nawo yekha, mayi ake atatsala kunja. Tsiku lomwelo adalamula kuti bedi lake lichotsedwe m'chipinda cha mayi ake, ndipo Conroy adaletsedwa kuonekera pamaso pake.

Pano mpofunika kumvetsa m'mene ufumu unkayendera kwa Angerezi, chifukwa nkosiyana ndi m'mene umayendera pakati pa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe a ku Mulanje, kumene ufumu umatsata bere ndipo wolowa dzina amachokera kwa alongo a mfumu. Ku Britain ufumu unkatsata bambo, ndipo mwana wamwamuna, ngakhale akhale mzime, ankapambana alongo ake onse. Victoria adali naye mlongo wa bere limodzi, Carl, wobadwa mu ukwati woyamba wa mayi ake, koma ameneyu adalibe gawo popeza magazi achifumu adali a kuchimuna. Kunena mosapsatira, Victoria adalowa ufumu chifukwa bambo ake sadasiye mwana wamwamuna. Dziko la Hanover ku Germany, limene kwa zaka zoposa 100 linkalamulidwa ndi mfumu ya ku Britain yomweyo, lidali ndi lamulo lokaniratu mkazi, motero chisoti cha kumeneko chidapita kwa bambo ake aang'ono, Ernest Augustus.

Adavekedwa chisoti chaufumu ku Westminster Abbey pa 28 Juni 1838. Nduna Yaikulu ya nthawiyo, Lord Melbourne, idamuphunzitsa za boma ngati mwana wake, ndipo iye adaikonda mopitirira muyeso, mpaka mu 1839 adachita makani amene adalepheretsa Robert Peel wa chipani china kukhazikitsa boma. Cholakwa chachikulu cha chaka chimenecho chidali cha Lady Flora Hastings, mayi wosakwatiwa wotumikira mayi a Victoria. Mimba yake itayamba kutupa, manong'onong'o adafala m'nyumba yachifumu kuti ali ndi pakati pa Conroy, ndipo Victoria adakhulupirira. Mayiyo adaumirizidwa kupimidwa ndi madokotala, napezeka wosalakwa. Mu Julayi adamwalira, ndipo kudadziwika kuti chotupacho chidali cha matenda a chiwindi. Anthu adamukuwiza Victoria m'misewu. Nkhaniyi ikusonyeza m'mene mbiri ya mkazi inkafera msanga m'dziko limenelo, ngakhale pakamwa pa akazi anzake.

Za ukwati wake munthu wa ku Mulanje angazimve mosavuta kuposa Mngerezi wa lero. Amene adakonza zonse adali malume ake, Leopold, mlongo wa mayi ake, amene adali mfumu ya dziko la Belgium kuyambira mu 1831 ndipo ankamulangiza mphwakeyo m'makalata chiyambire ali mwana. Mnyamata amene malumewo adasankha, Albert wa ku Coburg, adali mwana wa malume ena, ndiye kuti msuweni wake weniweni wa Victoria, wobadwa naye chaka chimodzi. Popeza padalibe munthu woyenera kufunsira mfumu, Victoria ndiye adafunsira, pa 15 Okutobala 1839. Ukwati udamangidwa pa 10 Febuluwale 1840. Mkwatibwi adavala diresi loyera, ndipo iye ndiye adatchukitsa mavalidwe amenewa, amene atsikana a kuno amawaona ngati mwambo wa tchalitchi wochokera kumwamba.

Albert adali mkamwini ndithu. Adasiya kwawo nakakhala kwa mkazi, pakati pa anthu amene ankamuyang'ana ndi diso lofiira ngati mlendo wosauka wodzadya chuma chawo. Nyumba ya Malamulo idadula ndalama zake za pachaka kuchoka pa mapaundi 50,000 amene boma lidapempha kufika pa 30,000, ndipo dzina laulemu loyenera mwamuna wa mfumukazi adalilandira mochedwa, mu 1857. Ngakhale mlembi wake adachita kumusankhira. M'kalata yopita kwa mnzake adadandaula kuti pa nyumbapo iye ndi mwamuna chabe, osati mwini. Komabe pa guwa la tchalitchi Victoria adalumbira kuti adzamvera mwamuna wake, monga ankalumbirira mkazi aliyense, ndipo sadafune kuti mawu amenewo achotsedwe. Choncho pa nyumba imodzi padali malamulo awiri otsutsana: Albert adayenera kumvera Victoria monga mfumu yake, Victoria adayenera kumvera Albert monga mwamuna wake.

Chimene chidagamula mlanduwu ndi uchembere. Pakati pa 1840 ndi 1857 Victoria adabereka ana asanu ndi anayi, aakazi asanu ndi aamuna anayi. Nthawi iliyonse akakhala ndi pathupi kapena ali m'chikuta, makalata a boma sankadikira, ndipo wowawerenga adali Albert. Pang'ono ndi pang'ono iye adalandira makiyi a mabokosi a makalata achinsinsi, nayamba kukhala nawo pa zokambirana ndi nduna ndi kulemba mayankho amene mkazi wake ankangokopera. Lehzen adabwezedwa kwawo mu 1842. Albert adali munthu wanzeru ndi wakhama, ndipo chionetsero chachikulu cha ntchito zamanja ndi makina cha mu 1851, chimene chidakopa anthu okwana mamiliyoni asanu ndi limodzi, chidali ntchito yake. Victoria ankamukonda ndi mtima wonse. Koma makalata amene pambuyo pake adalembera mwana wake woyamba akuulula zimene anthu sankazidziwa. Ankadana ndi kukhala ndi pathupi, ankati kumamusandutsa ngati chiweto, kuyamwitsa kunkamunyansa, ndipo ankamvera chisoni mtsikana aliyense wolowa m'banja asakudziwa chimene chikumudikira. Pobereka mwana wachisanu ndi chitatu mu 1853 adalola dokotala John Snow kumununkhiza mankhwala a chloroform ochepetsa ululu, pa nthawi imene madokotala ena ndi anthu ena opembedza ankati ululu wa pobereka suyenera kuthawidwa. Mfumukazi itachita, pakamwa pa otsutsa padachepa mawu. Mwina palibe chinthu china chimene Victoria adathandiza nacho amayi kuposa chimenechi, ndipo adachichita posaganizira amayi ena koma thupi lake lomwe.

Anthu akunja sankaona zonsezi. Iwo ankaona zithunzi za banja lokoma, bambo ataimirira, mayi atakhala pansi, ana atawazungulira. Mafumu am'mbuyomo adali atanyozetsa mpando ndi chiwerewere ndi ngongole, tsono banja la Victoria lidabwezeretsa ulemu wake. Chithunzicho chidalimbikitsanso chiphunzitso chimene chidali chitafala pakati pa anthu opeza bwino, chakuti dziko lidagawika pawiri: za malonda, za ndale ndi za maphunziro apamwamba nza mwamuna, pamene mkazi malo ake ndi m'nyumba, kulera ana ndi kusangalatsa mwamuna.

Lamulo nalo linkanena zomwezo. Mkazi akangokwatiwa, pamaso pa bwalo la milandu iye ndi mwamuna wake ankasanduka munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo adali mwamunayo. Ndalama za mkazi, malipiro ake, katundu wa m'manja mwake, ngakhale ana amene wabereka, zonse zidali za mwamuna. Mkazi yekhayo amene lamulolo silinkamukhudza adali mfumukazi. Amene adaulula nkhanza za lamuloli ndi Caroline Norton, mlembi wa mabuku. Mwamuna wake adamunamizira mu 1836 kuti akuyenda ndi Lord Melbourne yemwe uja, ndipo ngakhale mlandu udamugomera, adalanda ana atatu namuletsa mayiyo kuwaona, nayambanso kudyera ndalama za mabuku ake. Zolemba za Caroline zidathandiza kuti mu 1839 pakhale lamulo lolola mayi kupempha bwalo kuti asunge ana osakwana zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1855 adasindikiza kalata yopita kwa Mfumukazi, yofunsa m'mene dziko lolamulidwa ndi mkazi lingakhalire ndi akazi osawerengedwa pamaso pa lamulo. Lamulo la 1857 lidafewetsa kathetsedwe ka ukwati, koma mokondera: mwamuna ankatha kusudzula mkazi chifukwa cha chigololo chokha, pamene mkazi ankayenera kuonjezapo umboni wa cholakwa china monga nkhanza kapena kuthawidwa. Malamulo opatsa mkazi wokwatiwa ufulu pa malipiro ndi chuma chake adabwera mu 1870 ndi mu 1882.

Chiphunzitso cha mkazi wa m'nyumba chidalinso cha anthu okhuta okha. Akazi osauka ankagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku m'mafakitale a nsalu. Ena ankakoka ngolo za malasha pansi pa migodi, unyolo uli m'chiuno, kufikira lamulo la 1842 lidaletsa. Chakumapeto kwa ufumuwu akazi oposa miliyoni imodzi adali antchito a m'nyumba za ena. Kuti mayi mmodzi akhale phee m'nyumba osagwira kanthu, pankafunika atsikana ena omukolopera ndi kumuchapira.

Zitseko zina zidatseguka Victoria ali pa mpando. Florence Nightingale, atatumikira asilikali odwala pa nkhondo ya ku Crimea, adasandutsa unamwino kukhala ntchito yaulemu, ndipo Mfumukazi idamulandira ku Balmoral mu 1856. Elizabeth Garrett adapeza chilolezo cha udokotala mu 1865, ndipo yunivesite ya London idatsegulira akazi mwayi wolandira madigiri mu 1878. Mu 1867 John Stuart Mill adapempha Nyumba ya Malamulo kuti akazi aziponya nawo voti, koma adagonja. Pa zonsezi Victoria adaima kuti? Unamwino adauyamikira, popeza adauona ngati ntchito ya chifundo yoyenera mkazi. Koma zoti atsikana aziphunzira za thupi la munthu pamodzi ndi anyamata zidamuipira kwambiri. Mu 1870, atamva kuti mayi wina wa banja lolemekezeka, Lady Amberley, walankhula pa msonkhano wofuna voti ya akazi, adalembera Theodore Martin kalata yaukali yonena kuti nkhani ya ufulu wa akazi ndi misala yoipa, ndiponso kuti mayiyo adayenera kukwapulidwa. Iye ankakhulupirira kuti Mulungu adalenga mwamuna ndi mkazi mosiyana, ndipo ankadziona ngati munthu amene waikidwa pa ntchito yosayenera mkazi mwa chifuniro chapadera. Nkosavuta kumuweruza, ndipo pa mfundo iyi adalakwadi. Koma awerengi azindikirenso kuti amuna a nthawiyo adamulola kulamula chifukwa ankaoneka ngati mkazi womvera ndi mayi wa ana. Akadaima ndi omenyera ufulu, mpando ukadagwedezeka. Omenyera ufuluwo sadataye naye mtima: pa misonkhano yawo ankamutchula iye yemweyo ngati umboni wakuti mkazi angathe kusenza za dziko.

Chaka cha 1861 chidamuthyola msana. Mayi ake, amene adali atayanjana nawo, adamwalira mu Malichi, ndipo pa 14 Disembala Albert adatsatira ali ndi zaka 42, madokotala atanena kuti ndi tayifodi. Pa mwambo wa kuno maliro ali ndi mathero ake: anthu amameta, wamasiye amasudzulidwa, moyo nupitirira. Victoria sadadzisudzule. Adavala zakuda zaka pafupifupi 40, ndipo m'chipinda cha malemuyo antchito ankaikamo madzi otentha ndi zovala tsiku ndi tsiku ngati mwini wake adzuka. Adabindikira ku Windsor, ku Osborne ndi ku Balmoral, osatsegulira yekha Nyumba ya Malamulo mpaka mu 1866. Anthu adayamba kung'ung'udza kuti akulipira msonkho wodyetsa mfumu yosaoneka, ena nayamba kunena zothetsa ufumu. Ubwenzi wake ndi wantchito wa ku Scotland, John Brown, udaonjezera miseche. Mitima idabwerera mu 1872, pamene adaonekera pa mapemphero othokoza kuti mwana wake wamwamuna woyamba wachira matenda omwe aja.

Mphamvu zake zenizeni zidali zotani? Malamulo ankapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, boma linkayendetsedwa ndi Nduna Yaikulu, ndipo iye adagwira ntchito ndi nduna zazikulu khumi. Ankawerenga makalata onse, kufunsa, kudzudzula, nthawi zina kuopseza kuti atula pansi ufumu, koma pomaliza ankasaina. William Gladstone ankamuda, komabe adamulandira kanayi chifukwa mphamvu ya chisankho idali itaposa ya mpando. Benjamin Disraeli, wodziwa kunyengerera, adamupezera mu 1876 dzina la Mfumukazi Yaikulu ya India. Zoipa za nthawi yake sizingaikidwe zonse pa mutu pake, komanso sizingachotsedwepo zonse, poti mutu ukakula sulewa nkhonya. Pa njala ya ku Ireland imene idayamba mu 1845 padafa anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo mapaundi 2,000 amene iye adapereka sadabise kulephera kwa boma lake. Nkhondo zolanda maiko ankazivomereza ndi mtima wonse. Chikhalirecho mafumu a mu Africa ankamuona ngati munthu wamkulu woti nkukamudandaulira: Cetshwayo wa Azulu adakaonana naye mu 1882, ndipo Khama ndi mafumu anzake awiri a ku Botswana mu 1895.

Njira imene idafikitsa dzina lake ku Mulanje idayamba kalekale. Mu Juni 1840 Albert adalankhula pa msonkhano wa ku Exeter Hall wofuna kuthetsa malonda a akapolo mu Africa, ndipo mwa omvera mudali mnyamata wophunzira udokotala, David Livingstone. Mu 1858 Livingstone yemweyo adakatsazika Mfumukazi asadanyamuke ulendo wa ku Zambezi, ndipo mu Epulo 1859, popita ku nyanja ya Chilwa, adaliona phiri la Mulanje. Imfa yake mu 1873 idadzutsa mipingo ya ku Scotland, imene idatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Amishoni adatsatidwa ndi amalonda ndi alimi, ndipo Apwitikizi atayamba kuyandikira, John Buchanan adalengeza mu 1889 kuti dera la mapiri a Shire lili m'manja mwa Britain. Mu 1891 Harry Johnston adafika kudzakhazikitsa boma, ndipo mtsinje wa Ruo udasanduka malire. Mapangano amene mafumu ankadindapo zizindikiro zawo ankalembedwa m'dzina la Mfumukazi.

Ku Mulanje bomalo lidalowa ndi mfuti. Asilikali a Johnston, ambiri a iwo Asikh ochokera ku India, adayamba ndi mfumu Chikumbu mu 1891, kenaka Mkanda, ndipo Matipwiri adagonja mu 1895. Pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamene pankadutsa akapolo opita kunyanja yamchere, padamangidwa linga la Fort Lister mu 1893, limene mabwinja ake ali m'boma la Phalombe tsopano. Zaka zomwezo mishoni ya Mulanje idakhazikika, Henry Brown adabzala tiyi woyamba m'bomali mu 1891, ndipo Johnston adapatsa azungu zikalata zotsimikiza kuti malo aakulu a m'tsinde mwa phiri ndi awo.

Anthu amenewa adabwera ndi chithunzi chija cha banja m'mitu mwawo, napeza dziko loyenda mwa mtundu wina. M'midzi ya kuno mwamuna ndiye ankasamuka kukakhala chikamwini. Munda udali wa mkazi ndi abale ake, ana adali a mbumba ya mayi, ndipo ukwati ukatha wonyamula mphasa adali mwamuna. Mbiri ya Amaravi imadziwa Nyangu, mayi wa ufumu wa Kalonga, Makewana wa ku Msinja, ndi Salima wa ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Livingstone mwini adalemba za mfumu yaikazi ya Amang'anja yotchedwa Nyango kumtunda kwa Shire, nanena kuti m'dziko lake akazi ankalemekezedwa kuposa kwina. Pa nkhani ya munda ndi ana, mkazi wa m'tsinde mwa Mulanje adali ndi zimene mkazi wokwatiwa wa mu London adalibe pa chiyambi cha ufumu wa Victoria. Izi sizikutanthauza kuti kudali mtendere wokhawokha. Mawu omaliza pa milandu adali a mwini mbumba, amene adali mwamuna, ndipo pa zaka za ukapolo akazi ndi atsikana ndiwo ankagwidwa ndi kusinthanitsidwa kwambiri. Kutha kwa malonda amenewo kudawapulumutsa zedi, ndipo ichi nchosakanika.

Koma boma latsopano linkafuna kulankhula ndi mwamuna. Msonkho wa nyumba, umene m'zaka za m'ma 1890 udakhazikika pa mashereni atatu, unkafunsidwa kwa mwamuna ngati mwini khomo, pamene khomolo lidali pa mudzi wa mkazi. Mwamuna akathawa, si kamodzi kokha pamene otolera msonkho ankagwira mkazi wake ngati chikole. Alomwe amene adayamba kuwoloka malire chakumapeto kwa zaka zomwezo, pothawa nkhanza za Apwitikizi, adapeza malo pa maesiteti, kumene ufulu wokhala udadalira thangata la mwamuna osati mzere wa mayi. Ndalama, chinthu chatsopano champhamvu, zinkafika m'manja mwa amuna. Ku mishoni mnyamata ankaphunzitsidwa kukhala mphunzitsi, kalaliki, mmisiri kapena mlaliki, pamene mtsikana, ataphunzira kuwerenga, ankapatsidwa singano, simbi yositira ndi sopo, kuti adzakhale mkazi woyenera wa mphunzitsi. Kuwerengako kudali mphatso yaikulu, ndipo anamwino ndi aphunzitsi aakazi oyamba adatuluka m'sukulu zomwezo. Koma mpaka zaka zambiri pambuyo pake makolo akasowa fizi, wotsala pakhomo adali mtsikana. Mmishoni wina, Joseph Booth, adakonza mu 1899 chikalata chopempha Mfumukazi kuti ndalama za msonkho zigwire ntchito ya maphunziro a eni dziko, ndi kuti dzikolo lidzabwezedwe kwa iwo pakatha zaka 21. Boma la ku Zomba lidamuyankha pomusaka, ndipo iye adathawira ku Mozambique.

Mwambo wa kuchikazi sudafe. Mpaka lero m'midzi yambiri ya ku Mulanje minda imadutsa kwa ana aakazi, ndipo m'masiku ano ufumu wa Chikumbu, womwe uja udayamba kulawa mfuti za Johnston, wakhalapo m'manja mwa mayi. Ku Britain akazi a zaka 30 ndi kuposerapo adayamba kuponya voti mu 1918, ndipo adalingana ndi amuna mu 1928, ngakhale kuti ku New Zealand, dziko la mu ufumu wa Victoria womwewo, adali atayamba kale mu 1893. Nduna Yaikulu yoyamba yaikazi, Margaret Thatcher, idabwera mu 1979, ndipo Malawi adakhala ndi mtsogoleri wa dziko wamkazi, Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014.

Victoria adakalamba ali wolemekezeka kuposa kale lonse. Zikondwerero za zaka 50 za ufumu wake mu 1887 ndi za zaka 60 mu 1897 zidasonkhanitsa asilikali ndi nthumwi zochokera kumbali zonse za dziko, ndipo ana ndi adzukulu ake adali atakwatira ndi kukwatiwa m'mabanja achifumu a ku Ulaya konse. Adamwalira ku Osborne pa 22 Januwale 1901 ali ndi zaka 81, atalamula zaka 63 ndi miyezi isanu ndi iwiri. Adasiya malangizo akuti maliro ake akhale a mwana wa msilikali, ndiponso kuti amuveke zoyera ndi velo lake la ukwati. M'bokosi adamuikira chovala cha Albert, ndipo adaikidwa pambali pa mwamuna wakeyo ku Frogmore. Mwana wake woyamba, Victoria wamng'ono, amene bambo ake ankamuona kuti ndi wanzeru kuposa ana onse, adali akadali moyo ku Germany, koma mpando udamudumpha nupita kwa mlongo wake Edward VII. Lamulo loika mwana wamwamuna patsogolo pa alongo ake lidasinthidwa mu 2013, patatha zaka 112 chimwalirire Victoria.